MPWEYA WA M'CIPATALA NDI USIPA WA M'NYANJA

Khasu likagona pabwalo m'nyengo ya dzinja licita dzimbiri. Cimene cidya citsuloco ndi madzi pamodzi ndi mpweya womwewo umene munthu apuma, wochedwa okosijeni. Mpweyawu ndiwo moyo, komanso uli ndi ukali wace.

Munthu akadwala cibayo kapena cifuwa cacikuru, mapapo ace atupa. Ziteronso ndi pfumbi la m'migodi, monga adziwa akuluakulu a ku Chintheche, Kande ndi Usisya amene anapita ku Joni pa Wenela. Polimbana ndi nthendayo thupi lipanga tizinthu taukali tocokera ku okosijeni, ndipo tikacuruka tidya mnofu wa mapapo monga dzimbiri lidya khasu. Nkhondo yace ikula wodwala akaikidwa pa makina a mpweya masiku ambiri. Ici ndico cifukwa cace anamwino ayesa mpweya ndi muyeso, ndipo abale odikira wodwala sayenera kupotokola okha citsekero ca botolo. Ca m'ma 1950 ana ambiri obadwa masiku osakwana ku America ndi ku Ulaya anacita khungu cifukwa copatsidwa mpweya wopitirira.

Thupi lili nazo zida zozimira ukaliwu, koma zidazo sizigwira nchito popanda timichere tocepa kwambiri: seleniyamu, zinki ndi kopa. Mwa odwala kwakayakaya seleniyamu ndi zinki zitsika m'magazi. Madotolo a maiko ena anayesa kuthira seleniyamu wambiri m'mitsempha ya odwala otere, koma imfa sizinacepe monga anayembekezera. Nkhokwe siimangidwa njala itafika kale.

M'Malawi dothi la madera ambiri lipatsa cimanga seleniyamu wocepa. M'caka ca 2013 akatswiri analengeza kuti amai a ku Zombwe, m'boma la Mzimba, anali naye wocepa m'magazi kusiyana ndi a ku Mikalango, ku Chikwawa. Kondoole nayenso akhutitsa mimba cabe. Timichereti alibe tambiri.

Mwai wa anthu a m'mbali mwa nyanja ndi nsomba. Usipa ndi utaka zodyedwa zathunthu, mutu ndi minga yomwe, zili ndi seleniyamu ndi zinki. Nzomvetsa cisoni kuona thandala lonse la usipa likwera galimoto kunka ku Mzuzu, ana ndi odwala a pa khomo natsala ndi cigwada cokha. Msodzi ayambe wapatula mbale ya pa nyumba asanaitane wogula. Koma nsomba si mankhwala a cibayo: mwana wopuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, anyamulidwe tsiku lomwelo kunka ku cipatala ca Chintheche.