BLANTYRE NDI LILONGWE, M'MENE IONEKERA PATALI

Ife a ku Ntcheu tikhala pakati pa midzi iwiri yaikuru, ndipo mseu umodzi womwewo utenga ana athu, ena kumpoto, ena kumwera. Pobwera kwao atsutsana pabwalo kuti mudzi wokongola ndi uti. Ifenso tayendako konse kuwiri, tsono mutilole tinenepo.

Munthu wopita ku Lilongwe apitirira mapiri a Dedza, natsikira m'cigwa. Ayang'ana uku ndi uko, nafunsa: kodi likulu lija liri kuti? Pakuti mudziwu, umene unasanduka likulu m'caka ca 1975, anaumanga momwazika pakati pa mitengo. Apa Kang'ombe House iturutsa mutu, apo nyumba ya Reserve Bank, yotambalala kumwamba ngati dengu. Nyumba ya Malamulo, imene anaitsegula mu 2010, njaikuru ndithu koma yosatalika.

Ku Blantyre nkwina. Usanaone denga liri lonse, waona kale Ndirande, Soche ndi Michiru. Nyumba zosanja za mu Victoria Avenue zithithikana pamodzi, ndipo zina zinamangidwa ndi mantha: masiku a Dr Banda ankalemba nyenyezi yofiira pa nyumba zakale, kuti mwini wace agwetse namange yosanja. Koma maso athu akondwera koposa ndi calici ca njerwa ca St Michael and All Angels, cimene David Clement Scott anamanga pamodzi ndi anthu a dziko lino kuyambira 1888 kufikira 1891, angakhale sanaphunzire umisiri wa nyumba.

Akuru amene anapita ku Joni ndi Wenela angoseka mkangano wonsewu, nati Carlton Centre ya ku Johannesburg iri ndi nsanja 50. Pamenepo tigonja.

Ife tinena kuti Blantyre apambana, cifukwa ca mapiri ace. Koma mapiriwo asintha nkhope. Ndirande, limene kale linali bii ndi mitengo, laduka mbee, ndipo nyumba za osauka zakwera pa Soche popeza pansi malo adula. M'mwezi wa March 2023 mvula ya namondwe Freddy inagumula phirilo; matope ndi miyala zinakwirira nyumba za ku Chilobwe, nafa anthu ambiri. Tsono inu makolo, mwana wanu akakuimbirani lamya kuti wapeza nyumba yotsika mtengo ku Blantyre, mumfunse ngati iri pansi kapena paphiri.