Cigayo cikanjenjemera, ndani adziwa cimene cikudwala?

Cimanga cikauma ndi kulowa m'nkhokwe, mizere ya matumba ndi ndowa imatalika pa zigayo za m'boma la Chongwe, kuyambira pa tauni mpaka ku Kanakantapa ndi ku Chalimbana. Tsoka lake ndi lakuti nthawi yomweyi ndiyo zigayo zambiri zimafa. Amai amene anasenza cimanga kuyambira mbandakuca amabwerera naco kunyumba kukafuna mtondo, pamene mwini cigayo akwera basi kupita ku Lusaka, ulendo wa makilomita 45, kukafunafuna mabelingi ndi shafuti ndi ndalama zimene anasungira feteleza.

Komatu cigayo sicifa mwadzidzidzi. Cimayamba cadandaula kwa masabata angapo, ndipo kudandaula kwake ndiko kunjenjemera. Mu 2015 Boma linayamba nchito yoika zigayo zoyendera mphamvu ya dzuwa, zimene linafuna kuti zikwane 2,000 m'dziko lonse, kupyolera m'bungwe la Zambia Cooperative Federation. Makopaletivu amene analandira zigayozi, monganso anthu amene anagula zao za dizilo, adziwa tsopano kuti kupeza makina n'kwapafupi kusiyana ndi kupeza munthu womva cinenero cao.

Tiyambe ndi nyundo za m'kati mwa cigayo, pakuti bvuto lalikulu limacokera pamenepo. Nyundo zimatha mosiyana, ndipo wogayitsa wofuna kusunga ndalama amasintha imodzi yokha imene yathyoka. Tinene kuti nyundo yatsopanoyo ilemera kuposa inzake ya mbali ina ndi magalamu 20 cabe, ndipo ili masentimita 15 kucokera pakati pa shafuti. Cigayo cikamazungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi, timagalamu timeneto timakoka shafuti ndi mphamvu yonga ya katundu wolemera pafupifupi makilogalamu 30, ndipo mphamvuyo imatembenuka ka 50 pa sekondi iliyonse. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanai. Nanga belingi ingapirire miyezi ingati?

Nthenda iliyonse ili ndi kanjenjemeredwe kake. Mota imene imazungulira ka 2,900 pa mphindi imazungulira pafupifupi ka 48 pa sekondi. Ngati mbali imodzi yalemera, makina amagwedezeka kamodzi pa kuzungulira kulikonse. Ngati mashafuti awiri olumikizana sanalunjikane bwino, kawirikawiri kugwedezeka kumaoneka kawiri pa kuzungulira kumodzi. Mabauti omasuka amabweretsa kugwedezeka kambirimbiri kosokonezeka, pamene belingi yoyamba kudyeka imalira mofulumira kwambiri, kufika zikwi pa sekondi, isanayambe n'kutentha komwe.

Amakanika akale anali ndi njira yao. Ankatenga sikuludilaiva yaitali, nsonga yake pa nyumba ya belingi, cogwirira cake pa khutu, ndipo ankamva ngati muli mcenga kapena gilizi wauma. Njirayi ikali yabwino ndipo sitiyenera kuiseka, koma khutu limanena kuti pali bvuto osanena kuti lakula motani poyerekeza ndi mwezi watha. Lero kuli kacipangizo kamene kamagwira pa citsulo ndi maginito ndi kujambula kunjenjemera konse ngati mzere wa timapiri pa kompyuta kapena pa foni. Kuwerenga timapiri timeneto ndi luso lofuna kuphunzira, ndipo ku migodi ndi ku nyumba zopangira magetsi kuli anthu amene nchito yao ndi yomweyo.

Kubwerera ku maphunziro uli kale pa nchito si cinthu cacilendo kuno kwathu. Sukulu ya Chalimbana, imene tsopano ndi yunivesite, inakhala zaka zambiri ikulandira aziphunzitsi akuluakulu odzaonjezera nzeru, ndipo pa Kasisi alimi akhala akuphunzitsidwa kuyambira mu 1974. Cosiyana ndi cakuti maphunziro a kunjenjemera kwa makina amapezeka makamaka m'mapulogalamu a pa kompyuta ocokera kunja, ogulidwa ndi madola, ndipo komiti ya kopaletivu ikasankha molakwa ingataye phindu la nyengo yathunthu.

Coyamba cofunsa ndi msinkhu wa maphunzirowo. Lamulo la maiko onse lochedwa ISO 18436-2 limagawa akatswiri a nchitoyi m'magawo anai. Gawo loyamba lifuna maola pafupifupi 30 a maphunziro ndi miyezi 6 yogwira nchito pa makina, ndipo limaphunzitsa kupima bwino ndi kuzindikira nthenda zodziwika. Gawo laciwiri lifuna miyezi 18. Magawo acitatu ndi acinai ndi a mainjiniya a mafakitale akulu. Mabungwe monga Mobius Institute ya ku Australia ndi Vibration Institute ya ku America amaphunzitsa ndi kulembetsa mayeso motsata lamuloli. Kwa mnyamata kapena mtsikana wosamala cigayo, pampu ya madzi ndi thalakita, gawo loyamba likwanira, ndipo amene akukakamizani kugula apamwamba akufuna thumba lanu.

Caciwiri, ndipo kwa ife ndico cacikulu, pulogalamuyo imlole wophunzira kuyesa yekha. Mapulogalamu ena ndi buku cabe loikidwa pa kompyuta, masamba ndi masamba a Cingerezi cobvuta. Abwino amaonetsa makina oyenda: wophunzira amaonjeza kulemera mbali imodzi, kapena kumasula bauti, n'kuona ndi maso momwe timapiri tasinthira, ndiponso kumva kulira kweniweni kwa belingi yabwino ndi yoonongeka. Munthu amene Cingerezi cake ndi ca Giredi 9 angaphunzire zambiri mwa njira imeneyi, maka ngati ali ndi mnzake womasulira mau ocepa obvuta. Pemphani kuona phunziro limodzi musanalipire, ndipo muyese kufunsa ngati zitsanzo zake zili ndi makina a lamba ndi mota zazing'ono monga zathu, osati makina akulu a ku fakitale okha.

Funsaninso ngati phunzirolo lingasungidwe m'kompyuta ndi kutsegulidwa popanda intaneti. Tonse tikumbuka cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi ankasowa maola ambiri pa tsiku. Pulogalamu yolipira mwezi ndi mwezi imadya ndalama ngakhale masiku amene wophunzira ali mu mdima. Za satifiketi, dziwani kuti pepala lonena kuti munthu anatsiriza phunziro silifanana ndi satifiketi ya mayeso, imene nthawi zambiri imalipiridwa payokha. Ngati phunzirolo likuperekedwa ndi sukulu ya m'dziko muno, funsani ngati sukuluyo inalembetsedwa ku TEVETA, bungwe la Boma loyang'anira maphunziro a nchito za manja. Cenjeraninso ndi phunziro lopatsidwa ulere ndi wogulitsa zipangizo, limene limaphunzitsa mabatani a cipangizo cake cokha.

Kopaletivu yopanda ndalama ingayambe lero ndi foni. Yunivesite ya RWTH Aachen ku Germany inatulutsa pulogalamu yaulere yochedwa phyphox, imene imagwiritsa nchito kacipangizo komva kugwedezeka kamene kali kale m'mafoni amakono. Mafoni ena amatha kuonetsa kugwedezeka kwa nyundo zosalingana, koma safika pa kulira kofulumira kwa belingi, cotero ndi cida cophunzirira, osati colowa m'malo mwa cipangizo ceniceni. Ikani foni pa citsulo ca cigayo kutali ndi lamba, malaya atapindidwa bwino, pa malo amodzimodzi tsiku lomwelo sabata iliyonse, ndipo lembani zimene mwaona m'kabuku pamodzi ndi tsiku limene munathira gilizi. Posintha nyundo, zimani makina, pimani nyundo iliyonse pa sikelo yaing'ono, ndipo zolemera mofanana muziike moyang'anana. Mukatero pimaninso ndi foni, ndipo muone ngati kaphiri koyamba kaja katsika.