SUKULU ZA AKATOLIKA NDI NDARAMA ZA BOMA

Abale athu akugwira nchito m'migodi ndi m'mapulazi, mudziwa kuti kalata kapena lamya yocokera kumudzi siithera pa moni wokha. Pamapeto pamadza mau akuti kusukulu afuna ndarama ya malata, kapena yootcera njerwa. Pamenepo munthu wotopa ndi nchito afunsa kuti, "Kodi sukuluyo si ya Abambo? Nanga Boma silipereka kanthu?" Funsolo nlabwino, ndipo yankho lace liyambira kale ndithu.

Ansembe a Montfort anakhazika mishoni yao yoyamba ku Nzama, m'dziko la Ncheu, m'caka ca 1901. A White Fathers, amene anayesa kukhala kwa Mponda mu 1889 nacokako, anabweranso mu 1902 namanga ku Mua, ndipo pambuyo pace ku Likuni, ku Kachebere ndi ku Bembeke. Iwo anapeza amishoni a ku Scotland ndi a Dutch Reformed atayamba kale nchito, cotero anafulumira kupempha mafumu malo a sukulu. Pakuti mudzi umene walandira mphunzitsi wa mpingo wina unali wobvuta kuulowanso.

Sukulu ya m'mudzi ya masiku amenewo inali nyumba yofolera udzu, ndipo oimanga anali eni mudzi. Amuna anadula mitengo, akazi namweta udzu, nazira pansi. Mphunzitsi anali yemweyo wophunzitsa katekisimu, ndipo tsiku la Mulungu, wansembe ali kutali, ndiye anatsogolera mapemphero. Ana ambiri anayamba kulemba ndi cala pamcenga asanaone sileti. Sikuti onse anakondwa nazo, iai: kwa Acewa a ku Mua ndi ku Dedza, m'zaka za m'ma 1920, sukulu ndi Nyau zinalimbirana anyamata kolimba, ndipo milandu ina inafika mpaka ku Boma.

Zaka zambiri Boma la Nyasaland silinapereke ndi kobiri lomwe. Litayamba kupereka, nkhondo ya 1914 isanabuke, linaturutsa £1,000 pa caka, yoti igawidwe pakati pa mamishoni. Tiyesa mungathe kuwerengera nokha cimene cinafika ku sukulu ya kwanu. Zinthu zinasintha atayendera dziko a bungwe la Phelps-Stokes mu 1924. Boma linatsegula ofesi ya maphunziro mu 1926, ndipo mu 1927 linaika lamulo la sukulu.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Ndarama ya Boma inadza ndi cingwe cace. Sukulu yofuna thandizo inayenera kukhala ndi mphunzitsi wokhala ndi setifiketi, kutsata maphunziro obvomerezeka, ndi kulola woyendera wa Boma kuona mabuku ace. Amishoni anadandaula kuti lamulolo linawapanikiza, ndipo linakonzedwanso mu 1930. Koma cingweco sicinaduke. Sukulu za pamishoni ndi zina zazikuru zinalandira thandizo, koma unyinji wa timasukulu ta m'midzi tinatsala pamsana pa mpingo ndi pa anthu. Sekondale inacedwa koposa: Zomba Catholic Secondary School inatsegulidwa mu 1942, ndi thandizo la Boma, ndipo m'dziko lonse munali sekondale ina imodzi yokha, ya ku Blantyre.

Tisaiwalenso kumene Boma linatenga cumaco. Gawo lalikuru linali msonkho, ndipo msonkho womwewo ndiwo unathamangitsa makolo athu kunka ku Bulawayo ndi ku Johannesburg, ena pansi, ena ndi Wenela. Cotero munthu wa paulendo analipira sukulu kawiri: kamodzi kwa wokhometsa msonkho, kenanso m'kalata yonka kwa mkazi wace, ya sileti ndi kabudula wa mwana. Dzina lace silinalembedwe pakhoma la sukulu iri yonse.

Lero m'Malawi sukulu zambiri za pulaimale zikali m'dzina la mpingo, koma aphunzitsi alandira malipiro ao ku Boma. Mu 1994 Boma linacotsa fizi ya pulaimale, ndipo ana oposa miliyoni imodzi anaonjezeka m'caka cimodzi. Zipinda sizinaculuke pamodzi ndi anawo. Ndi cifukwa cace m'malo ambiri komiti ya sukulu imema mudzi kuumba njerwa, kututa mcenga ndi kumanga nyumba ya mphunzitsi, ndipo amai alawirira kukaphika phala la ana, monga m'sukulu zothandizidwa ndi Mary's Meals, nchito imene inayambira m'Malawi mu 2002.

Ife sitinena kuti mutumize ndarama mwacimbulimbuli. Pobwera pempho, funsani kuti nyumba yomangidwayo nja ciani, kuti wosunga thumba ndani, ndi kuti Abambo a paparishi ndi a komiti aikapo zingati. Ngati muli angapo a mudzi umodzi pa komboni imodzi, sonkhani pamodzi, mulembe maina ndi ndarama za yense papepala, ndipo mupemphe kuti pepalalo likawerengedwe pamsonkhano wa makolo, mfumu iri pomwepo.