Ana Akufuna Kutitumiza ku Zanzibar: Tikonzekere Bwanji?



Tsiku lina titangomaliza swala ya Asri, bambo ena achikulire amene zidzukulu zawo zimaphunzira pa madrasa pathu adandikokera pambali pa khonde la mzikiti. Adati: "Amwalimu, ana anga aja a ku Johannesburg asonkherana ndalama. Akuti ine ndi amayi anu tipite ku Zanzibar tikapume sabata imodzi ku hotela yapamwamba, poti chikwatiranire sitidapumepo. Amayi anu akondwa, ayamba kale kusoketsa zovala. Koma ine tulo sindikupeza. Kodi Msilamu amene ku Haji sadapite angapite kukagona pa mchenga ngati mzungu?"

Ndidawayankha mwachidule tsiku lomwelo, koma funso lawo lidandikhala mumtima, chifukwa mabanja amene ali ndi ana ku Joni ndi ku England ndi ambiri kuno kunyanja, ndipo mphatso za mtundu umenewu zayamba kufika. Tsono ndati ndilembe pano zimene tidakambirana pa masiku otsatira, kuti enanso apindule, Insha Allah.

Haji poyamba?

Kupuma si tchimo. Chisilamu chimaloleza zabwino za pa dziko, chimene chimaletsa ndi kuononga chuma ndi kudzitama nacho. Koma funso la bambowa ndi lolemera ndithu. Haji ndi nsichi yachisanu ya Chisilamu, ndipo imakakamizidwa kamodzi pa moyo kwa amene ali ndi thanzi ndi chuma chokwanira ulendo wopita ndi wobwerera, atasiyanso chakudya cha banja lake. Imam Shafi'i, amene ambiri a ife kuno timatsatira, adaona kuti munthu wotere akhoza kuchedwetsa Haji malinga ali ndi cholinga chenicheni chodzapita. Imam Ahmad ndi maulama ambiri a Chihanafi adati ayi, chaka chimene wakwanitsa ndicho chaka chonyamuka. Ine maganizo anga ndi akuti munthu wa imvi asadalire chilolezo cha kuchedwetsa, pakuti maondo amene angazungulire Kaaba chaka chino sitidziwa ngati adzatha chaka chamawa. Ngati ndalamayo ikukwana Haji, pitani ku Makka, mchenga udikira. Koma ngati ili kutali ndi mtengo wa Haji, monga m'mene idalili ya bambowa titawerengetsa, Haji sidawakakamizidwe, ndipo palibe chifukwa chowakhumudwitsira ana amene akufuna kusangalatsa makolo awo.

Pali zina ziwiri zoyenera kuona musadagule tikiti. Ndalama yosungidwa ikakwana nisabu, ndiye kuti mtengo wa magalamu 85 a golide kapena 595 a siliva, nkutha chaka cha mwezi ili m'manja mwa mwini wake, Zakaat ya 2.5 pa 100 iyenera kutuluka, ngakhale mwiniyo atailemba kuti "ya ulendo". Chachiwiri ndi ngongole. Ulendo wa katapila, kapena wa ngongole ya chiwongoladzanja, usiyeni. Imeneyo ndi riba, ndipo sindiona chifukwa chotaya inki yambiri pamenepo.

Nyanja ija si ngati yathu

Zanzibar ndi zilumba, zazikulu ziwiri ndi Unguja ndi Pemba, ndipo kuyambira mu 1964 ndi mbali ya dziko la Tanzania. Alendo ambiri amapita ku Unguja, kumene kuli mzinda wakale wa Stone Town, umene eni ake amautcha Mji Mkongwe. Koma mahotela apamwamba ambiri ali kumidzi ya m'mphepete mwa nyanja: Nungwi ndi Kendwa kumpoto, Matemwe, Paje ndi Jambiani kum'mawa. Kuchokera mumzinda kufika kulikonse kwa malo amenewa ndi ulendo wosapitirira maola awiri pa galimoto.

Ife a kunyanja timadziona ngati akatswiri a madzi, koma apa tiyenera kudzichepetsa. Nyanja yathu imakwera ndi kutsika potsata mvula ya chaka. Nyanja ya mchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Ku Paje ndi ku Jambiani madzi akaphwa amathawa kutali zedi, moti munthu amene adalipira chipinda choyang'ana nyanja amadzuka nkuona mchenga ndi miyala basi, ndi amayi a m'mudzi akugwira ntchito m'minda yawo ya mwani, ndere za m'nyanja zimene adayamba kulima ngati malonda mu 1989. Patapita maola ngati asanu ndi limodzi madzi aja amabwerera. Amene akufuna kusambira nthawi iliyonse asankhe Nungwi kapena Kendwa, kumene madzi sathawa kwambiri, ngakhale kuti kumeneko ndi kumenenso kuli phokoso la magule ndi mabala. Kwa anthu achikulire ofuna bata, ine ndingasankhe Jambiani kapena Matemwe. Komabe tsiku limodzi kafikeni ku Nungwi mukaone amisiri akukhoma zombo za matabwa ndi manja, za mtundu wa zombo zimene kale zinkaoloka nyanja yathu kuchokera ku Nkhotakota.

Za nyengo nzosavuta kumva, chifukwa mphepo zawo ndi zathu zomwe. Mwera iwo amati kusi, mpoto amati kaskazi. Mvula yaikulu imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi, ndipo nthawi imeneyo mitengo imatsika, mahotela ena nkutseka. Mvula yaing'ono imabwera cha mu Novembala. Kuyambira Juni mpaka Okotobala kumakhala dzuwa losaotcha kwambiri, ndiyo nyengo yabwino kwa okalamba, koma mu Julayi, Ogasiti ndi kumapeto kwa Disembala alendo a ku Ulaya amadzaza ndipo mitengo imakwera. Muyang'anenso kalendala yathu, poti Ramadhani imabwerera m'mbuyo masiku ngati 11 chaka chilichonse. Kulipira chakudya cha katatu pa tsiku uli pa swaumu ndi kutaya ndalama. Koma masiku a Idi ndi okoma ku Zanzibar, chikondwerero chake pa bwalo la Mnazi Mmoja chimatha masiku anayi.

Kusankha pogona

Apa ndi pamene ana a ku Joni amalakwitsa, osati dala ayi, koma chifukwa amasankha poona zithunzi pa intaneti. Anthu a ku Zanzibar pafupifupi onse ndi Asilamu, ndipo adhana imamveka m'mudzi uliwonse. Koma mukalowa pa chipata cha hotela yaikulu mwalowa dziko lina. Mahotela otere ambiri amagulitsa mtengo wophatikiza zonse, chipinda, chakudya ndi zakumwa, ndipo mu "zakumwa" m'menemo muli mowa. Inu simumwa, koma mtengo wake mwaulipira. Pa chakudya cha m'mawa pena pamakhala nyama ya nkhumba pafupi ndi mazira, ndipo ophika ena amathira vinyo mu msuzi. Pa dziwe losambira ndi pa mchenga anthu amavala m'mene amavalira kwawo. Boma la Zanzibar lidachenjeza alendo mu 2021 kuti azivala modzilemekeza m'misewu ndi m'midzi, koma m'kati mwa mpanda wa hotela ndi nkhani ina. Tangoganizani amayi athu a hijabu atakhala sabata yathunthu maso ali pansi, akuopa kutuluka m'chipinda chimene ana awo adalipira ndalama zambirimbiri.

Njira imene ndidawalangiza bambo aja ndi kubwereka nyumba yathunthu ya m'mphepete mwa nyanja, ya mpanda wake, dziwe lake ndi wophika wake. Nyumba zotere zilipo zambiri kum'mawa kwa chilumbachi, ndipo kwa banja la anthu angapo mtengo wake ukagawidwa nthawi zambiri suposa wa hotela yaikulu. Amayi akhoza kulowa m'madzi popanda maso a alendo, wophika amagula nsomba kwa asodzi m'mawa, ndipo bambo amayenda pansi kupita ku mzikiti wa m'mudzi. Kwa ine ulemerero weniweni ndi umenewo, kuposa matawulo opindidwa ngati mbalame pa bedi. Ngati mwasankhabe hotela, mwana alembe kalata kufunsa kuti nyama imachokera kuti, ngati nkhumba imaphikidwa pa ziwaya zomwezo, ngati angachotse mowa m'firiji ya m'chipinda, ndi ngati pali mtengo wa chipinda ndi chakudya chokha. Yankho likhale lolembedwa.

Zakudya za m'nyanja zisakuopseni. Kwa Imam Shafi'i zamoyo zimene zimakhala m'madzi mokha ndi halaal, kotero pweza wa miyendo isanu ndi itatu uja, amene amamuphika ndi mkaka wa kokonati, mukhoza kudya ngati mtima walola. Abale athu a Chihanafi amadya nsomba zokha. Madzi a mchere nawonso ndi oyera, udhu wake ndi wolondola.

Ndalama ndi mapepala

Mitengo ya pa intaneti imalembedwa m'madola, ndipo tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi. Chifukwa chake ndi bwino kuti ana alipire pogona ndi matikiti ali komweko, kusiyana ndi kutumiza ndalama kuno kuti isinthidwe kawiri. Asatumize ndalama ya chikole kwa munthu wongodziwana naye pa Facebook kapena WhatsApp, ndipo afunse kuti ulendo ukalephereka chifukwa cha matenda kapena maliro adzabwezeredwa zingati. Ife kwathu kuno maliro sapangana ndi tikiti. Afunsenso ngati msonkho wa boma wa usiku uliwonse uli kale mu mtengowo.

Mmalawi safunika viza pokacheza ku Tanzania, koma pasipoti ikhale yamoyo ndipo ikhale m'thumba, chifukwa amaiona pofika ku Zanzibar ngakhale mwachokera ku Dar es Salaam. Kuyambira pa 1 Okotobala 2024 boma la Zanzibar lidalamula kuti mlendo agule inshuwalansi ya boma lomwelo, imene idayamba pa mtengo wa madola 44, ndipo imagulidwa pa intaneti musadanyamuke. Njira ya pamtunda ndi yodzera ku Karonga, kuoloka pa Songwe, kufika ku Mbeya, kenaka basi ya tsiku lathunthu kukafika ku Dar es Salaam. Kwa wachinyamata ndi ulendo wokoma, kwa munthu wa nyamakazi ndi chilango. Okalamba akwere ndege. Kuchokera ku Dar es Salaam sitima ya pamadzi imatenga maola ngati awiri.

Mukafika sinthani wotchi, Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi. Chenjeraninso ndi kawerengedwe ka Chiswahili: woyendetsa galimoto akati abwera "saa moja", akunena 7 koloko.

Swala pa ulendo

Kibla ku Zanzibar ili pafupifupi molunjika kumpoto, kotero mukaima ku Jambiani mutayang'ana kotulukira dzuwa, tembenukirani kudzanja lamanzere. Pa njira, poti ulendo waposa makilomita 81, mukhoza kufupikitsa Dhuhri, Asri ndi Isha kukhala marakaa awiriawiri, ndi kuphatikiza Dhuhri ndi Asri, Maghribi ndi Isha. Koma pano ambiri amalakwa: pa Chishafi'i, munthu amene watsimikiza kukhala pamalo masiku anayi athunthu, osawerengera tsiku lofika ndi lochoka, ulendo wake watha pamene wafika. Amene wabwereka nyumba sabata yathunthu aswali mokwanira kuyambira tsiku loyamba.

Musabwerere musadaone izi

Ndidawapempha bambo aja kuti masiku awiri kapena atatu akagone mu Stone Town, mzinda umene bungwe la UNESCO lidauika m'gulu la malo osungidwa a dziko lonse mu 2000. Madzulo pa Forodhani pamakhala msika wa zakudya, nyama zootcha pa timitengo ndi msuzi wowawasa wa urojo. Koma chifukwa chenicheni ndi chakuti mbiri yathu idadutsa m'tinjira topapatiza ta mumzindawu. Sultan Seyyid Said atasamutsa likulu lake kuchoka ku Muscat kubwera ku Zanzibar cha mu 1840, malonda a kunyanja kuno adayang'ana kumeneko. M'zaka zomwezo Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, adakhazikika ku Nkhotakota, ndipo Ayao ankayenda miyezi ndi minyanga ya njovu kupita ku Kilwa. Pobwerera adadza ndi nsalu, mikanda, kanzu, zilembo za Chiarabu ndi Chisilamu. Ngakhale twarika ya Qadiriya idafika ku Nkhotakota mu 1929 ndi mayi wophunzira, Mtumwa binti Ali, kuchokera ku Zanzibar konko.

Koma njira yomweyo idatenganso anthu. Pa Mkunazini padali msika wa akapolo umene Sultan Barghash adautseka mu 1873 Angerezi atamukakamiza, ndipo pamalopo lero pali tchalitchi cha Anglican ndi chikumbutso cha anthu omangidwa unyolo m'khosi. Ambiri mwa ogulitsidwa kumeneko adachokera ku dera la nyanja yathu, ndipo ena mwa owagulitsa adali ovala kofia ngati ife. Asilamu ena amapewa malowa poti ndi a tchalitchi. Ine ndikuti pitani, ndipo ngati mwatenga zidzukulu muziuze zonse ziwiri.

Kum'mwera kwa chilumbachi, pa Kizimkazi Dimbani, pali mzikiti waung'ono umene alendo ambiri amangoudutsa pothamangira kukaona nyama za m'madzi. Nyumba yake idamangidwanso pambuyo pake, koma pa khoma la kibla pali zilembo za Chikufi za chaka cha 500 Hijiriya, chimene ndi 1107. Kaswalini marakaa awiri m'menemo.

Bambo aja adabweranso patatha milungu itatu. Adagwirizana ndi ana kuti hotela yaikulu ija aisiye, akagone masiku awiri mumzinda ndi asanu m'nyumba yaing'ono ku Jambiani mwezi wa Sepitembala, ndipo ndalama yotsalayo aiike padera ikhale chiyambi cha thumba la Haji. Adati amayi ali ndi funso limodzi lokha, ngati wophikayo amadziwa kuphika nsima. Ndidati akamuuze kuti akufuna ugali, koma aufewetse pang'ono.