Zaulere kapena zaufulu? Nkhani ya free software ndi copyleft

 Lero tikamba za mapulogalamu a pakompyuta amene pa Chingerezi amawatcha free software, ndipo ndiyambe ndi kunyada pang'ono: apa Chichewa chathu chaposa Chingerezi. Iwo ali ndi liwu limodzi, free, loimira zinthu ziwiri. Ife tili nawo awiri, ulere ndi ufulu. Eni gululi atha zaka zoposa 40 akufotokozera anthu kuti akunena ufulu. Pulogalamu yotereyi mutha kuigulitsa, palibe choletsa. Choletsedwa ndi kuitsekera.

Kutsekera kwake kotani? Pulogalamu iliyonse imayamba ngati malangizo olembedwa ndi munthu, otchedwa source code. Kenako amasandutsidwa manambala amene makina okha ndiwo amamva. Makampani ambiri amakupatsani manambalawo basi. Zili ngati kugula galimoto imene boneti yake anaiwotcherera: iyenda inde, koma ikafa panjira, ngakhale makaniko wodziwa bwanji sangaigwire.

Cha m'ma 1980, Richard Stallman ankagwira ntchito ku MIT, ku America. Printa yatsopano ya Xerox imene ankagwiritsa ntchito inkakonda kutsamwa mapepala. Pa printa yakale iye anali atasintha pulogalamu kuti izidziwitsa anthu ikatsamwa, koma pa yatsopanoyi analibe source code. Atakapempha kwa katswiri mnzake amene anali nayo, anamukaniza chifukwa anali atasainira kuti saulula. Bamboyu zinamuwawa zedi. Mu September 1983 analengeza kuti alemba dongosolo lonse loyendetsera kompyuta limene aliyense adzakhale nalo ndi ufulu, nalitcha GNU. Mu 1985 anakhazikitsa bungwe la Free Software Foundation. Maufulu amene amanena ndi anayi: kugwiritsa ntchito pulogalamu mmene mukufunira, kuiphunzira ndi kuisintha, kugawira anzanu, ndiponso kugawa imene mwaisinthayo.

Tsono vuto linalipo. Mukangoponya ntchito yanu poyera n'kunena kuti aliyense atenge, kampani yochenjera itenga, iwonjezera zake pang'ono, n'kutseka. Apa ndi pamene pabwera copyleft, ndipo kwa ine nzeru yeniyeni ya nkhani yonseyi ili pompano. Stallman sanalimbane ndi lamulo la copyright, analitembenuza. Mwini pulogalamu amakhalabe mwini, koma amalemba mu laisensi kuti: tengani, sinthani, gulitsani ngati mukufuna, koma mukapatsa wina, mumupatsenso source code ndi maufulu omwewo amene inu munalandira. Mukaphwanya zimenezo, chilolezo chanu chatha, ndipo ndinu wokopera zinthu za eni popanda chilolezo. Lamulo limene makampani amatsekera nalo zitseko, lomwelo ndilo likuletsa kutseka. Laisensi yodziwika kwambiri ya mtunduwu ndi GPL, imene inatuluka mu 1989, yachiwiri mu 1991, yachitatu mu 2007.

Mu 1991, Linus Torvalds, wophunzira wa ku Helsinki, anayamba kulemba Linux, mbali yapakati imene GNU inali isanamalize. Chaka chotsatira anaiika pansi pa GPL. Lero ngati foni yanu ndi ya Android, Linux ili m'thumba mwanu.

Mwina mukuti, kodi kapepala ka laisensi kangaopseze kampani yaikulu? Tamverani iyi. Mu 2003 anthu anatulukira kuti router ya Linksys yotchedwa WRT54G inali ndi Linux mkati, koma source code sinaperekedwe. Chaka chomwecho Linksys inagulidwa ndi Cisco, chimphona chenicheni. Anthu anakakamira, mpaka code inatulutsidwa. Kuchokera pamenepo panabadwa OpenWrt mu 2004, imene mpaka pano anthu amaika m'ma router awo kuti azichita zimene wopanga sanaganizeko. Mu 2008 Free Software Foundation inatengera Cisco kukhoti pa nkhani yofananayo, ndipo mu 2009 anagwirizana kunja kwa khoti.

Si onse amaikonda copyleft, tisanamizane. Pali malaisensi ena, monga BSD ndi MIT, ongonena kuti tengani, chitani zimene mukufuna, bola mutchule dzina lathu. PlayStation 4 imayendera dongosolo lochokera ku FreeBSD, ndipo Sony sikakamizidwa kukuonetsani zimene inasintha. Otsatira njira imeneyi amati ufulu weniweni suika malire. A GPL amayankha kuti ufulu wa ndani, wa kampani kapena wa inu wogula? Ine ndimapendekera ku GPL, ngakhale nayonso ili ndi mpata. Foni ikhoza kukhala ndi Linux, code yake ili poyera, koma makinawo anawakhoma kuti asalandire pulogalamu imene mwasintha. GPL yachitatu inayesa kutseka mpata umenewu, koma Torvalds anakana kusamukirako, ndiye Linux idakali pa yachiwiri.

Inu a ku Joni, dziwaninso kuti Ubuntu, imodzi mwa mitundu yotchuka ya Linux, inayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Dzinalo ndi umunthu womwe uja agogo amanena. Ngati muli ndi laputopu yakale imene yayamba kukwawa, mutha kuika Ubuntu pa flash n'kuiyesa musanafufute chilichonse.

Tisanasiyane, tsegulani Settings pa foni yanu, mupite pa About phone, mufufuze pamene alemba za malamulo ndi malaisensi. Mndandanda wake ndi wautali kwabasi. Muonemo ngati mupeze zilembo zitatu zija, GPL, ndipo mutiuze. Tionana sabata yamawa.