Timapaipi ta pa Injini: Todula ndi Tosayenera Kudula

Aliyense amene anaimapo m'mbali mwa msewu wa M6, umene umachokera pa Zalewa kudzera pa boma la Mwanza mpaka kumalire a Zobue, adziwa kuti pakati pa zimagalimoto zonyamula katundu wa ku Tete, ku Harare ndi ku Durban pamayendanso timagalimoto takale ta ku Japan, monga Toyota Corolla ya mtundu wa AE100 imene inayamba kupangidwa mu 1991, tomwe ngakhale takalamba tikusenzabe anthu ndi madengu a manachesi ochokera ku Thambani ndi ku Kunenekude. Mukatsekula boneti ya galimoto yotere, kawirikawiri mudzapeza kapaipi kampira kodulidwa, kukamwa kwake atatsekako ndi bawuti kapena kamtengo kosongola, ndi kena atakapinda nakamanga ndi waya, ndipo mukafunsa, makaniko adzakuyankhani mwaulemu kuti, "Bwana, izi n'za utsi chabe, kuno kwathu zilibe ntchito." Mawuwo ali ndi choonadi pang'ono, n'chifukwa chake anthu amawakhulupirira msanga.

Injini ikamalira, mapisitoni potsika amayamwa mpweya kudzera m'chitsulo chanthambi chotchedwa manifodi, monga munthu ayamwira madzi ndi bango. Ndipo popeza pakhomo pa manifodiyo pali kachitseko kamene kamatsekuka kwambiri pokhapokha woyendetsa akaponda kuti awonjezere liwiro, mkatimo mumakhala chikoka champhamvu, ndicho vakyumu. Galimoto itaima injini ikulira, chikokacho chimakula. Pokwera chitunda, kachitseko katatsekuka konse, chimatsala pang'ono kutha. Kampani ya Bosch inagwiritsa ntchito kusinthasintha kumeneku mu 1967 pa Volkswagen 1600, kuti injini yopanda kabureta idzipimira yokha petulo. Ndipo pamene America inakhwimitsa lamulo la mpweya wabwino mu 1970, Japan nayo niika malamulo ake okhwima a utsi mu 1978, timapaipi tinachuluka pa injini, kalikonse ndi vavu yake.

Tsono mpira suchedwa kukalamba m'dziko lotentha ndi lafumbi. Umauma, nung'aluka pomwe wavekedwa pa chitsulo, ndipo petulo wathu, amene wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira pamene fakitale ya ku Dwangwa inatsegulidwa mu 1982, sayanjana kwenikweni ndi mpira wakale. Mpweya ukayamba kulowera pamng'alu, injini imalira mokweza kapena kunjenjemera n'kuzima pamphambano, ndipo mwini galimoto, amene okwera akumudikira, amangoti, "Chotsanipo zimene zikuvutazo."

Zilipodi zina zimene galimoto imayendabe zitachotsedwa. Vavu ya EGR, imene ili pa injini zambiri za nthawi imeneyo, imabwezera utsi pang'ono m'manifodi kuti moto wa m'injini usatenthe kopitirira; ikadzaza mwaye nikakamira chotsekula, injini imatsamwa, ndipo amakaniko amaitseka ndi kachitsulo kaphanthiphanthi. Koma walira mvula walira matope: utsi woononga mapapo umachuluka, ndipo injini zina zimayamba kugogoda pazitunda. Chimodzimodzinso kachitini kamakala kamene kamasunga nthunzi ya petulo yochokera m'thanki. Wokachotsa akatseka paipi yake, thanki imalephera kupuma, akaisiya yotsekuka, fungo la petulo limazungulira pafupi ndi injini yamoto.

Komatu pali timapaipi tinayi timene munthu wanzeru sayenera kutigwira ndi mpeni, ngakhale tifanane ndi tinzake m'maonekedwe. Koyamba ndi kopita ku sensa yoyeza chikoka cha m'manifodi, imene injini monga 5A-FE ya Corolla imaidalira. Pakuti kakachoka, kompyuta ya injini imayesa kuti galimoto ili pachitunda nthawi zonse, nithira petulo wochuluka, mapulagi nada bii, utsi wakuda nutuluka kumbuyo, ndalama za mwini galimoto nizipsera mu ekizozi. Kachiwiri kamapita ku vavu yochepetsa mphamvu ya petulo wopita ku mainjekita pamene injini ilibe ntchito yolemetsa, ndipo kudula ameneka ndiko kuitana ludzu lomwelo. Kachitatu kamachotsa mpweya woipa m'mimba mwa injini. Kakatsekedwa, mpweyawo umadzifunira njira, nukankha oyilo kuti adonthe paliponse pofooka. Yachinayi si kapaipinso ayi, ndi paipi yonenepa yopita ku chitini chachikulu chozungulira chili kuseri kwa chopondera mabuleki, ndiyo imene imapepuza phazi la woyendetsa. Ikang'aluka kapena kutsekedwa, chopondera chimauma gwa, ndipo wotsetsereka ndi katundu kulowera ku Shire adzazindikira mochedwa kuti mwendo wake wokha sukwanira kuimitsa galimoto msanga.

Sindikunyoza amakaniko athu, pakuti ambiri a iwo, ndi sipanala zochepa pansi pa mtengo wa mango, amaukitsa injini zimene kwawo kwa opanga zikanakhala zitaphwanyidwa kalekale. Chimene ndikana ndicho kudula kosafufuza, pakuti safunsa anadya phula. Wodziwa ntchito amatenga chidutswa cha paipi, mbali ina n'kuika kukhutu, ina n'kumayendetsa pamwamba pa injini ikulira, kufikira atamva kamluzu ka mpweya wolowera pobisika; akapapeza amasintha kapaipi kamodzikamodzi, kuti asasokoneze njira zake, natsata chithunzi chimene opanga amamata kunsi kwa boneti ngati sichinafufutike. Mita imodzi ya mpira watsopano siifika pamtengo wa petulo amene injini yodulidwa mwachisawawa idzamwe mopitirira muyeso.

Inu eni magalimoto, musanatuluke m'galaja momwe agwira timapaipi ta injini yanu, zimitsani injini, pondani mabuleki kangapo mpaka chopondera chiume, kenaka lizani injini phazi lili pomwepo. Chopondera chikatsika pang'ono, vakyumu ikufika kumabuleki. Chikapanda kutsika, musakweze munthu, itanani makaniko atsekulenso boneti.