Kaumitsidwe ka matabwa a mbawa ndi mlombwa

Alimi a ku Mpingu amene amacheka okha matabwa amaluza ndalama matabwawo akapindika kapena kung'aluka. Chimayambitsa vutoli ndi kuyanika padzuwa, chifukwa kunja kwa thabwa kumauma msanga mkati mukadali madzi.

Alangizi, uzani alimi asanje matabwa pamthunzi, pamwamba pa njerwa, kuti chiswe ndi chinyontho zisawafike. Pakati pa mizere aike timitengo touma tofanana kukula, totalikirana masentimita 50, kuti mphepo izidutsa. Apake penti kunsonga zonse ziwiri za thabwa, ndipo pamwamba pa mulu asanjike miyala. Thabwa lopangira mipando liume mpaka chinyontho chitsike kufika pa 12 mpaka 15 peresenti.

Asanadule mitengoyi, ayambe atenga chilolezo ku Dipatimenti ya Nkhalango.